Sikelo ya Ululu

Sabata yachitatu pa chipatala cha boma ku Mulanje,
chiperoni chaphimba phiri chiyambire Lolemba,
ine ndili ndi pepala la mafunso khumi ndi awiri
ndi gawuni yoyera yomwe manja ake andipitirira.

Bedi nambala naini. Mayi Esinati Namakhwa,
othyola tiyi, a ku Limbuli.
Ndinawapatsa moni maso ali pa fayilo.

"Ululuwu, kuyambira wani mpaka teni,
mungaupatse nambala yanji?"

Anayang'ana nsapato zanga, kenaka wotchi.
"Ku esiteti timapachika dengu pa sikelo,
kalaliki n'kulemba makilo, tsiku lina n'kubapo awiri.
Uwu ndiupachike pati, adokotala?"

Ndinalemba: wodwala sakumvetsa funso.

Usiku chiganizo chimenecho chinandiluma ngati nsikidzi.
Zaka zinayi ndaloweza mayina a mitsempha
m'chilankhulo chomwe mayi anga samva,
mpaka lilime langa lasanduka mlendo m'kamwa.

M'mawa a Sisitala Muhiwa, akukankha thireyi ya mankhwala,
anandiponyera mawu osaima n'komwe:
"Khala pansi, mwana iwe. Woimirira ndi wapaulendo,
ndani angamuuze zakukhosi?"

Ndinakoka benchi. Cholembera ndinabisa m'thumba.
"Mayi, dzulo ndinathamanga. Tandiuzani mmene zinayambira."

Chete.
Ndinawerenga madontho a diripi, makumi awiri ndi atatu,
pakamwa pakundiyabwa kuti ndiwayankhire.

Kenaka zinatuluka, osatsata mizere ya pepala langa:
za magazi obwera iwo atasiya kale kusamba,
za nsanza zochapa usiku kuti mkamwini asaone,
za sing'anga wa kutsidya kwa Muloza
komwe kunathera mbuzi,
za bambo a kunyumba amene anasuntha mphasa
n'kumati m'chipinda mwalowa fungo.
Miyezi isanu ndi inayi.
Pa fayilo panali "masabata awiri",
dzanja langa lomwe.

Zotsatira za ku Blantyre zinali zitabwera kale.
Dokotala wamkulu anaima kumiyendo kwa bedi,
anandikodola ndi chibwano kuti ndiyambe ndine.
Ndinafunsa mayiwo chomwe iwo akuganiza.
"Ndadziwa kale," anatero. "Nkhope yanu inandiuza dzulo.
Pakamwa pokha ndi pomwe pankafunsa manambala."

Ndinalitchula dzinalo pang'onopang'ono,
khansa ya khomo la chiberekero,
ndipo denga silinagwe.

Za imfa sanafunse.
Anafunsa ngati minibasi ya ku Blantyre
imadzadza msanga pa Chitakale m'mamawa,
ndi woti akauze kapitawo
kuti mzere wawo wa tiyi aupatse wina kaye.
"Kaye," anabwereza, atagwira mkono wa gawuni
pomwe ndinapinda.

Pa pepala langa palibe bokosi la liwu limenelo.
Ndinalilemba m'mphepete, ndi pensulo.