Mafuta a ku Lunzu

Chaka chatha makina anga ankadya kuposa ana.
Mayunitsi ogula Lolemba, pofika Lachinayi
mita yayamba kulira ngati nkhululu,
ndipo magetsi akati thi!
mpendadzuwa unkachita chuku m'matumba.

Ndinagulitsa njinga yamoto.
Abiti Sumani sanandiyankhule sabata yathunthu.

Tsono onani padenga:
magalasi asanu agona chagada,
akumwa dzuwa la Okutobala,
lomwe lija tinkalitukwana pamsika.
Linakhwimitsa njere kumunda,
lero likuzifinya lokha.

Mafuta akuti do, do, do m'chigubu,
achikasu, ofunda.
Mitambo ikatsika ku Michiru timapumula, nanga n'kutani?

Dzulo Abiti anakwera okha padenga
kukapukuta fumbi ndi mpango wawo wakale.
Za njinga sanatchule.