Tsitsi la Tinyade

Amake atakwera basi ya ku Joni
anandisiyira Tinyade, chipeso chogweluka mano
ndi tsitsi losamva zonena.
Lamulungu loyamba ndinalipesa louma.
Mwana analira, agalu onse a kwa Chamama n'kumuyankha,
tsitsi lili yoyoyo pachitenje.

Ine, wosankha fodya zaka khumi ndi zisanu!
Ndani amagwira tsamba dzuwa likuswa mtengo?
Umalilawirira m'chigafa mbandakucha,
litamwa mame, litafewa ngati khutu la mbuzi.

Tsono masiku ano ndimayamba ndi madzi.
Kuwaza, kudikira.
Kenako kirimu wa kwa Nachisale pamsika,
pamwamba pake mafuta a nsatsi
kuti mwera wa mu Juni usabe chinyezi.
Chipeso chigone. Zala zokha,
kuyambira kunsonga, mfundo imodziimodzi,
n'kumanga timagawo tinayi ngati ndindi.

Mizere yanga imakhotabe.
Akuti anzake a sitandade fili amaseka.
Koma dzulo wakoka kachingwe kamodzi
mpaka pachibwano, wakataya,
iko n'kudzipinda msanga ngati bongololo.

"Ababa, pukutani m'manja kaye.
Jambulani, amama akaone."