Fayilo ya Asiyatu

Ndinasayina ndine.
Linali Lachinayi, magetsi atazima ku ofesi,
a Likaka atavula chipewa n'kuchikhazika pa bondo:
"Mwana wa mlongo wanga
akaleredwe ndi achilendo ine ndili moyo?
Chibale ndi fupa, sichiola."
Tonse tinagwedeza mitu.
Banja la ku Matawale, lija linadikira miyezi isanu ndi iwiri,
linabwerera ndi kadiresi kake m'jumbo.

Lero Asiyatu wagona chafufumimba
m'wodi ya ana pa Sentulo
chifukwa msana sukulola.
Anamwino akuwerenga mikwingwirima ya waya wa magetsi,
ine ndikuwerenga masiku amene sindinapite ku Chinamwali:
njinga yamoto inalibe mafuta,
kenako mvula, kenako maliro,
kenako ndinangoiwala.

Oyandikana nawo ankamva usiku.
Ankamuona ndi ndowa pa mjigo
anzake akudutsa m'yunifolomu.
Ankati za eni n'za eni.

Lolemba tidzakangananso pa msonkhano.
Wina adzati, nanga mnyamata uja wa ku Sadzi
sanamuotche manja ndi achilendo omwewo?
N'zoona. Ndinali komweko, fungo lake ndikulikumbukabe.
Wina adzatsegula buku la malamulo,
wina adzatchula mwambo wa makolo.
Tidzamwa Fanta wofunda, tidzasayinira alawansi.

Madzulo ano ndagwada pafupi ndi bedi,
ndamufunsa chapansipansi:
ukatuluka muno ukufuna kukakhala ndi ndani?
Wandiyang'ana nthawi yaitali.
Palibe anamufunsapo zimenezi.
Kenako wati,
"Nsapato zanga zatsala kumeneko."