Mchere wa Pakhomo

Ku Duluth chisanu chikayamba kuluma
Bambo Lindqvist amawaza mchere pakhomo pa golosale yawo
kusanache.

Koma Lachiwiri lija Mayi Haugen anaterereka,
chiuno thyoo!
Lero akufuna chipukutamisozi
choposa mtengo wa sitolo ndi katundu yemwe.

Ine, loya wa sitoloyo,
ndabwereza kanema wa kamera kakhumi ndi kawiri:
mbandakucha, mchere ukuwazidwa;
dzuwa litakwera, mayiwo pansi,
malalanje akugubuduzika pachipale.

Mawa ndikauza woweruza
kuti mwini sitolo sanagone pantchito.
N'zoona.

Koma m'khotimo palibe adzandifunse
chifukwa chake ndimaimitsa kanemayo
pomwe dzanja lawo likufunafuna chogwira
m'malere.