Mpando wa Carballal

Lolemba tinamuchotsa ntchito Carballal.
Anasiya jekete pamsomali ndi theka la lalanje patebulo.
Lero Lachinayi. Mvula ya kuno ku Galicia sinakate
chigonjereni kachisanu kotsatizana,
ndipo ine Sabela Outeiro, amene ndimasaina makalata a timu ino,
ndakhala ndi mafayilo atatu.
Awiri ngonenepa, a alendo a mayina olemera.
Yachitatuyo ndi pepala limodzi basi:
Anxo Loureiro, wachiwiri kwa mphunzitsi,
zaka khumi ndi chimodzi.

Ndimamudziwa ndi msana.
Ndamuona kuchokera pawindo lino m'mawa uliwonse
atawerama, akuyala timakoni tofiira pakapinga,
kuwerenga mapazi pakati pa kena ndi kanzake
ngati munthu wobzala nyemba.
Ndiye anaona kuti Brais akutsimphina
dokotala asanaone, Brais mwini asanavomere.
Chigoli cha pakona chimene tinapulumukira chaka chatha
chinabadwira m'kabuku kake konyowa,
koma nyuzipepala zinajambula Carballal atakweza manja.
Anxo anatulukamo phewa lokha.

Apampando akuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.
Mwina. Kalumo komaliza kanatimeta mpala.

Koma nanenso ndili ndi mantha anga.
Wachiwiri ndi mthunzi wa timu,
osewera amathawirako bwana akakalipa,
amalirirako, amatukwanirako, nachoka atapepukidwa.
Palibe analembapo dzina la Anxo ndi penti pakhoma la sitediyamu.
Palibe anamudikirira pagalimoto usiku.
Mutu ukakula sulewa nkhonya,
ndipo wake sunalawepo ngakhale imodzi.

Analowa nthawi ya folo, nsapato zili matope,
nakhala m'mphepete mwa mpando ngati wobwereka.
Anayamba kufotokoza za atatu kumbuyo, asanu pakati.
Ndinamudula.
Ndinati: Lamlungu, ndani akhale pabenchi?

Zii.
Kunja wina ankakoka magolo, chitsulo chikulira pasimenti.

Tonse tinkadziwa yankho.
Iago Seoane, kaputeni, zaka makumi atatu ndi zisanu,
miyendo yatha koma mawu akadali amphamvu m'chipinda chovalira.
Iago yemwe Anxo anamuthamangitsira kuchipatala pakati pa usiku
tsiku lomwe mwana wake wamkazi ankabadwa.
Amadyera limodzi nsomba Lachisanu lililonse.

Anxo anayang'ana jekete ija pamsomali.
Anati: Iago.
Kenako: Koma ndikamuuza ndekha, kunyumba kwake,
asamvere pa wailesi, asamvere kwa inu.
Ndipo Lachisanu ndikapitabe kukadya,
akanditsekulira.

Sanamwetulire. Sanapemphe kalikonse.
Potuluka anatola theka la lalanje lija naliponya m'bini,
chizolowezi cha munthu wokonza pomwe ena achoka.

Tsopano ndatsala ndekha ndi cholembera.
Sindikudziwa ngati adzapirira masapota zikwi zisanu ndi zinayi
akuimba dzina lake mokuluwika.
Palibe fayilo imene ingandiuze zimenezo.
Amene anatha kale kupirira, awiri aja,
anaphunzira pamipando ya anthu ena, kwinakwake,
tsiku lina pamene wina anawayesa osadziwa.

Pawindo ndikumuona wabwerera m'mvula,
akutola timakoni take kamodzikamodzi.
Akakhala mphunzitsi, adzatola ndani?
Ndalemba funso limenelo m'mphepete mwa pepala lake.
Pansi pake sindinalembepo kanthu.
Komiti ikumana mawa, naini koloko.