Lachitatu kwa a Guidry

Masana ndimayendetsa basi ya ku Gentilly.
Manja awa agwira chiwongolero zaka makumi awiri ndi zitatu,
koma Lachitatu madzulo, ndikakwera masitepe a bambo Guidry
ndi gitala yobwereka kwa mlamu wanga,
manja omwewa amasanduka alendo.

Nyimboyo ndi yakalekale ya jazi,
aliyense mu New Orleans muno
amaiimba ndi mluzu akutsuka mbale.
"Usafulumire kuiveka," amatero a Guidry.
"Iyambe yayenda yokha pa nsambo ziwiri zopyapyalazo
mpaka udziwe pamene imapumira."

Masabata atatu, nyimbo yopanda malaya.
Kenako anandilola kuika makodi pansi pake,
osati paliponse ayi,
pokhapo pamene phazi lagunda pansi.
Chala chachikulu chinyamule besi,
zapakatizi zidzaze nyumba,
ndipo kachala kotsiriza, kofooka kaja,
ndiko kasenze nyimbo pamutu.
Ndinadandaula kuti zala sizikufika.
Iwo anazulamo mawu awiri m'kodimo
monga munthu achotsera mwana minga m'nsomba.
"Otsalawo akwana. Khutu limamalizitsa lokha."

Fani ikulira kudenga,
fungo la mvula likuchokera kumtsinje,
galu wa nyumba yapansi akutsutsa zonse.

Ndiye Lachitatu lapitali anapinda pepala lija
n'kulikhalira.
"Tsopano nena zako."
Zanga ziti?
"Tenga mawu atatu a m'kodi, uzungulire pomwepo.
Ukagogoda khomo lolakwika,
loyandikana nalo ndiye lako."

Ndinayamba ngati injini m'mawa wa Januwale,
kutsokomola, kuzima, kutsokomolanso.
Ndinaphonya.
Ndinasuntha chala pang'ono chabe
ndipo kuphonya kuja kunamveka ngati ndachita dala.
Ndinakubwereza, mwadaladi tsopano.
Penapake ndinangoti zii, thukuta kamukamu,
a Guidry n'kumenya bondo: "Eya! Pamenepo!"
osadziwa kuti ndinali nditasochera.
Kapena ankadziwa.

M'mawa mwake, pa msewu wa Elysian Fields,
mayi wina wa chipewa chobiriwira anakoka chingwe cha belu.
Ngiii.
Liwu limodzi lokha, lili pamtunda,
ndipo dzanja langa lamanzere
linayamba kulifunira kodi pachiwongolero.

Ndinawapitirira nawo siteji imodzi.
Anatsika akundilalatira,
ambulera ikuloza nkhope yanga,
ine ndikupepesa,
phazi likuwerengabe pansi.