Cholembera Chofiira

Ndinawauza Lolemba:
musandiuze kuti sukulu ndi yabwino.
Ndinunkhitseni. Ndimve kuzizira kwa benchi.

Lero makope makumi anayi ali pamiyendo panga
m'takisi ya ku Rosettenville,
cholembera chikudumpha pa bampu iliyonse.
Ambiri alemba zomwezo:
aphunzitsi ndi okoma mtima, bwalo ndi lalikulu.
Chonga, chonga, sikisi pa teni.

Kenako la Lonjezo.
Zilembo zopendama ngati mpanda wa malata,
mpumiro palibe ndi umodzi womwe.
Akuti m'mawa wa Juni pamzere tonse timafuka utsi m'kamwa
kalasi yathu imanunkha polishi ndi malalanje osenda mobisa
pa buleki ndimadyera buledi kuseri kwa thanki
chifukwa ndikayankhula amaseka lilime langa
ndipo dzina lija amanditchula
limatsalira m'khutu ngati madzi osamba.

Pepala la malikisi likufunsa za mipumiro,
kalembedwe ka mawu, ndime zitatu.
Za thanki silikufunsa.

Siteji yanga ndaipitirira.
Dalaivala akundisuzumira pagalasi.
Cholembera chidakali m'mwamba,
chikusowa potera.